Gitala yokomera ku Ulongwe ndi gitala yopirira ku Tete

Achinyamata a m'makwaya amakonda kundifunsa kuti, "Achimwene, tindalama takwana, ndigule gitala ya kampani iti?" Ine ndisanatchule kampani iliyonse ndimayamba ndafunsa kuti gitalayo izikagona kuti. Ena amayesa ndikuzemba, koma ayi. Chigawo chathu chino cha Tete chili ndi nyengo ziwiri zosayenderana. Kumtunda, ku Ulongwe, ku Domue ndi ku Tsangano, mu Juni ndi Julayi timafunda mabulangete awiri ndipo nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa. Kumunsi, m'mphepete mwa Zambezi, ku Matundo kapena ku Moatize, mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mpweya umauma mpaka milomo kuchita kusweka. Gitala ndi matabwa opyapyala omatidwa ndi guluu, ndiye zonsezi imazimva. Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ndaimba magitala anga ndi a eni ake, ndipo zomwe ndikulemba pano ndi zomwe khutu langa ndi zala zanga zinapeza. Wina akhoza kumva mosiyana, osati kuti walakwa.

Ndinakulira ku Angónia, boma la kumtunda komwe kuli Ulongwe, ndipo monga anyamata ambiri a kumeneko ndinayambira pa banjo ya chigubu, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Gitala yoyamba kukhala yangayanga inali Yamaha F310, imene amalume anandigulira ku Lilongwe n'kudutsa nayo pa chipata cha Dedza ataikulunga m'chitenje. Matabwa a thupi lake ndi omata, ndiye kuti timatabwa topyapyala tosanjikizana, mtundu wa pulayiwudi. Gitala imeneyo yayenda. Yagona pa maliro, yaimba pa maukwati, yakwera njinga m'misewu ya fumbi, yatsika nane ku Tete pamene ndinapeza ntchito, ndipo mpaka lero mphwanga akuphunzirirapo. Sinang'alukepo. Mawu ake ndi omveka bwino, osasokonekera, kungoti ukamenya nsambo sakhalitsa m'malere, amalira n'kutha msanga. Ndinali wokhutira nayo mpaka tsiku lomwe ndinagwira gitala ya thabwa lathunthu kutsogolo, zomwe ogulitsa amazitcha solid top. Ndinaimba kodi yomweyo ya G, nsambo zingapo zolira pamodzi, yomwe ndimaimba tsiku lililonse, koma ndinaimva ikunjenjemera pachifuwa, ndipo mawu anapitirira kulira dzanja nditalichotsa kale.

Apa mpamene pagona nkhani yonse ya matabwa, ndipo ambiri amapaphonya chifukwa maso amathamangira kumsana wa gitala kumene kuli mizere yokongola. Nsambo payokha mawu ake ndi ochepa kwambiri. Imagwedeza kathabwa komwe yamangidwapo, kotchedwa bridge, kathabwako n'kugwedeza nkhope yonse ya gitala, nkhopeyo n'kukankha mpweya. Nkhope ya gitala ili ngati chikopa cha ng'oma: mtengo wa ng'oma ungakhale wabwino chotani, chikopa chikakhala chokhuthala kapena chonyowa, ng'omayo siyankhula. Mu 1862 mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anapanga gitala ya nkhope ya thabwa labwino koma msana ndi m'mbali mwake za mapepala olimbitsidwa, ndipo inalira bwino ndithu. Ndikakumbuka zimenezo ndimadziwa kumene ndalama yanga iyenera kuyamba kupita. Thabwa lomata lili ndi guluu pakati pake ndipo mizere ya timatabwato imapingasana, choncho ndi lolimba koma silivina momasuka. Thabwa lathunthu limavina, koma ndi lomwenso limamva nyengo.

Kuti mudziwe ngati nkhope ndi yathunthu, musadalire pakamwa pa wogulitsa. Yang'anani m'mphepete mwa bowo la pakati lija, pomwe thabwa ladulidwa. Ngati mizere ya pamwamba ikupitirira kutsika mpaka kunsi kwa thabwa, limenelo ndi lathunthu. Ngati mukuona tizigawo tosanjikizana, kapena mphepetemo apakamo utoto wakuda wobisa, ndi lomata. Pa pepala la kampani, akangolemba spruce top popanda mawu akuti solid, dziwani kuti pafupifupi nthawi zonse ndi lomata.

Nkhope zambiri amapanga ndi spruce kapena cedar. Spruce wofala kwambiri ndi wa Sitka, wochokera m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja ku Alaska ndi kumadzulo kwa Canada. Ndi woyererako, wopepuka koma wolimba. Ukamumenya mwamphamvu amakupatsa mawu ambiri osasweka, n'chifukwa chake amayenera munthu wotsogolera kwaya amene akulimbana ndi mawu a anthu makumi atatu ndi chisekese. Cedar ndi wofiirira ndiponso wofewa. Ndinamudziwira pa gitala ya nsambo za nayiloni ya wansembe wina wa parishi ya kwathu, amene ankandibwereka Loweruka masana. Ukangoikhudza pang'ono inkayankha nthawi yomweyo, mawu ofunda, okoma kuimba wekha pakhonde. Koma ndikafuna kuikwapula monga timachitira pa nyimbo za chiyamiko, inkafika pamalire, mawu n'kuyamba kupanikizana. Komanso chikhadabo chikangophonya chimasiya chipsera. Cedar ndimamukonda, koma pa ntchito yomwe ine ndimagwira ndi gitala, spruce ndiye wanga.

Za msana ndi m'mbali ndi zomwe anthu amakangana kwambiri, ndipo mkangano wake ndi wa mahogany ndi rosewood. Kwa nthawi yaitali ndinkangomva za mkanganowu, mpaka nditadziwana ndi bambo wina wakunja wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, amene anabwera ndi Martin D-28 yake. Martin ndi kampani ya ku America yomwe inayamba mu 1833, ndipo ili ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania. D-28 ndi ya spruce kutsogolo, rosewood kumbuyo. Bamboyo anali womasuka, ankandisiya ndiimbe madzulo onse. Sindinama, gitala ija ndi yaulemerero. Nsambo zikuluzikulu zinkagunda pansi penipeni, zing'onozing'ono zikuwala pamwamba, ndipo ukamenya kodi imodzi umamva ngati kumbuyo kwake kukuliranso timawu tina tambiri. Ndinapita kunyumba mutu uli pa gitala imeneyo.

Koma nditaiimba kangapo ndinazindikira chinthu. Kaimbidwe kanga ndi ka zala ziwiri, komwe tinatengera kwa akuluakulu a kumudzi: chala chachikulu chimayendetsa besi, chamkombaphala chimatola nyimbo pamwamba, ndipo zonsezi zimathamanga. Pa rosewood, mawu a nsambo imodzi amakhala asanathe pamene ina yalira kale, ndiye kwa ine zinkadzazana, besi n'kuphimba tinthu tomwe ndimafuna timveke. Mnzanga wina wobwerera ku Joni anali ndi gitala ya msana wa mahogany, ndipo nditaimbapo nyimbo yomweyo ndinamva chala chilichonse pachokha. Mahogany salankhula zambiri. Mawu ake ali pakati, ndi ouma, amabwera n'kupatsa mpata anzake. Ndipo poti ine ndimaimba gitala ndikuimbanso pakamwa, ndinapeza kuti amagwirizana ndi mawu anga m'malo mopikisana nawo. A Martin omwewo ali ndi D-18 ya mahogany, ndipo Gibson J-45, yomwe inatuluka mu 1942, nayonso ndi ya mahogany. Wina atandiikira D-28 ndi D-18 patsogolo kuti ndisankhe, ndingatenge D-18 ngakhale ili yotsikirako mtengo. Koma mnzanga amene amangokwapula makodi pang'onopang'ono pa nyimbo zachisoni amasankha rosewood, ndipo ndikamumvera ali pa rosewood ndimavomereza kuti walondola.

Taylor ndinaigwirapo ya mtundu waung'ono uja wa GS Mini. Kampani imeneyi ndi ya ku California, inayamba mu 1974, ndipo imadziwika ndi khosi losavuta kugwira. Zimenezo n'zoona, zala zimangoyenda zokha. Mawu ake ndi owala, oyera, ndipo achinyamata oimba ndi maikolofoni amawakonda. Ine khutu langa limafuna mawu okhuthalako pang'ono, koma kwa mtsikana wa manja aang'ono amene dreadnought ikumulemera, gitala ya msinkhu umenewo ndi mpumulo. Dreadnought ndi thupi lalikulu lija lomwe magitala ambiri a m'masitolo ali nalo, ndipo dzinalo linachokera ku sitima yankhondo ya ku Britain ya mu 1906. Ndaonapo atsikana a m'kwaya akusiya kuphunzira chifukwa phewa likupweteka, vuto lili kukula kwa gitala basi.

Chinthu chimodzi chimandikhudza mtima pa nkhani ya matabwa. Magitala ambiri a masiku ano olembedwa kuti mahogany amapangidwa ndi mitengo ya mu Africa muno, sapele wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, kapena khaya, amene ndi banja la mbawa yomwe timaidziwa m'mphepete mwa mitsinje yathu. Phingo, amene anzathu olankhula Chipwitikizi amati pau-preto, ndi m'bale wake wa rosewood, ndipo ndi amene amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe ku Ulaya, komanso magitala ena okwera mtengo zedi. Kuyambira mu 2017 mitengo yonse ya banja la rosewood inalowa m'ndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama pa malonda, chifukwa ikutha. Ife a ku Tete sitifunika kuuzidwa kuti ikutha. Taona ndi maso athu magalimoto a zipika akutsika msewu kulowera ku doko la Beira. Mtengo umachoka kuno uli chipika chotsika mtengo, ndipo gitala yopangidwa ndi mtengo wa mtundu womwewo ikafika m'sitolo, mwana wa kuno sangaikwanitse.

N'chifukwa chake ndimalemekeza mkulu wina wa ku Ulongwe, kalipentala wa zitseko ndi mipando, amene amakonzanso magitala a m'matchalitchi. Tonse timangowatcha a Mestre. Tsiku lina ndinawapeza akupala thabwa la mlombwa mpaka kupyapyala, akuti akupanga msana wa gitala. Analinyamula ndi zala ziwiri pakona, n'kuliika pafupi ndi khutu, n'kuligogoda ndi chala. Anapalanso pang'ono, kugogodanso.

"Mukumvera chiyani, a Mestre?" ndinafunsa.

"Tamvera wekha, mwanawe," anatero akundipatsa. "Likamati phu, phu, likadali lolemera. Lizichita kuti ngoo, ndiye lafika."

Ndinagogoda, ndipo linaliradi, kamawu kotsika kochedwa kutha. Mlombwawo anati unakhala pa denga la shedi yawo zaka zingapo ukuuma. Nkhope anapanga ndi paini wa mizere yowongoka yothithikana, amene anamusankha pakati pa matabwa ambiri. Gitala itatha sinali yosalala ngati za m'sitolo, vanishi wake anali wa burashi, ndipo mafreti ena, tizitsulo topingasa pa khosi tija, anafunika kuwapala kachiwiri. Koma mawu ake anali ofunda, oyandikira ku mahogany, ndipo inkamveka mpaka kumbuyo kwa tchalitchi. Chomwe ndinatolapo n'chakuti kuuma kwa thabwa, kupyapyala kwake ndi timitanda ta m'kati tomwe timagwira nkhope zimasintha mawu kuposa dzina la mtengo. Magitala awiri a kampani imodzi, mtundu umodzi, matabwa amodzi, amatha kulira mosiyana. Ndaziyesa ndekha m'sitolo, ndipo wogulitsa anadabwa nditasiya ya pa shelefu n'kupempha inzake ya m'katoni.

Tsopano za nyengo zija. Kwaya yathu ya mumzinda wa Tete inasonkha ndalama n'kugula gitala yabwino ya nkhope yathunthu. Gitalayo inafika nthawi ya mvula, ndipo tonse tinasangalala nayo. Inkasungidwa m'kachipinda ka malata kuseri kwa tchalitchi, yopachikidwa pa msomali, yopanda chikwama. Pofika Seputembala tinayamba kumva nsonga za mafreti zikukanda m'manja. Kenako nsambo zinayamba kukhudza mafreti n'kumachita phokoso. Lamlungu lina mu Okutobala tinaipeza ndi mng'alu wochokera pa bridge kutsika mpaka kumunsi, wowongoka motsata mzere wa thabwa. Mtsikana amene ankaiimba analira misozi. Kampani sinalakwe kanthu, gitala ina iliyonse ya thabwa lathunthu ikanatero. Thabwa likauma limafota m'lifupi mwake, koma timitanda ta m'kati tomatidwa mopingasa sitilola, ndiye limakokedwa mpaka kung'ambika. Opanga magitala amalangiza kuti chinyezi cha mpweya chizikhala pakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndipo ku Tete m'chilimwe chimatsika kwambiri kuposa pamenepo. Nthawi ya dzinja zimatembenuka: thabwa limamwa chinyezi, mimba ya gitala imatupa, nsambo n'kukwera kutali ndi khosi.

Gitala ija a Mestre anaimata, n'kuika tizidutswa ta thabwa kunsi kwa mng'alu, ndipo ikugwirabe ntchito. Kuyambira pamenepo njira yathu ndi iyi. Gitala imagona m'chikwama chake chotseka, pansi, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi khoma lomwe dzuwa limawomba masana. M'chikwamamo, miyezi youma, timaikamo siponji yonyowetsa ndi kufinya bwino, ili m'kabokosi ka sopo koboola mabowo, kuti madzi asakhudze thabwa. Siponjiyo ikauma timanyowetsanso. Mvula ikayamba timaichotsa, kuopa nkhungu. M'galimoto yoimikidwa padzuwa gitala isatsale ngakhale kwa kanthawi, chifukwa guluu amafewa ndipo bridge imayamba kunyamuka. Pokwera chapa, minibasi ya kuno, kuchoka ku Tete kupita ku Ulongwe ndimakana kuti aiike pamwamba kapena kumbuyo ndi matumba, ndimaiimika pakati pa miyendo ngakhale kondakitala ang'ung'udze. Ndikafika sinditsegula chikwama msanga, ndimaisiya izolowere kaye kuzizira.

Ndiye akandifunsa kuti agule iti, ndimayankha motengera malo ndi ntchito. Ngati gitala ndi ya gulu, yogwiridwa ndi aliyense, yogona ku tchalitchi mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, ndimati agule ya matabwa omata okhaokha, monga F310 kapena Cort AD810, ndipo asachite nayo manyazi. Imeneyo idzaimba zaka zambiri. Ngati ndi yanu nokha ndipo mudzaisamala, funani ya nkhope yathunthu koma msana womata, monga Yamaha FG800, Fender CD-60S kapena Cort Earth 70. Pamenepo mumapeza gawo lalikulu la kukoma kwa mawu, msana wolimba, ndi mtengo woti munthu wolandira malipiro wamba angausungire. Kwa ine apa ndi pomwe ndalama imagula zambiri. Pakati pa zitatuzi ine ndimakonda FG800 chifukwa besi yake ndi yodzaza popanda kuphimba zina, koma mnzanga amalumbirira Fender chifukwa cha kagwiridwe ka khosi. Ya matabwa athunthu mbali zonse ndimailangiza kwa okhala kumtunda, kapena kwa amene ali ndi chikwama cholimba ndi mtima wosaiwala siponji. Ku Angónia nakonso Seputembala ndi Okutobala kumauma, choncho chisamaliro sichichoka, kungoti nkhondo yake ndi yochepa.

Chenjeraninso ndi mayina. M'misika mumapezeka magitala olembedwa mayina akuluakulu pamutu koma mtengo wake wofanana ndi wa nsapato. Suzumirani m'bowo. Onani pepala la m'kati, nambala yake, ndi mmene guluu wakhalira m'makona. Ngati wachita kudontha paliponse ndipo timitanda ndi tokhakhala, dzina la pamutulo ndi utoto chabe. Gitala yopanda dzina koma yolira bwino ndi yowongoka khosi ndimaigula ndi mtima umodzi, koma sindilipira ndalama chifukwa cha dzina lonamizira.

Pali zina zomwe zimaposa mtundu wa thabwa, makamaka kwa oyamba kumene. Yang'anani kutalika kwa nsambo kuchokera pa freti ya 12. Ikhale pafupifupi mamilimita awiri kapena atatu. Ikapitirira kwambiri pamenepo zala zimapweteka, makodi amamveka opotoka, ndipo mwana amadana nayo gitala asanaidziwe. Ikani diso pamutu wa gitala n'kuyang'ana motsata khosi, muone ngati silinapindike kapena kupotoka. Kupindika pang'ono kumakonzeka ndi chitsulo cha m'kati mwa khosi chotchedwa truss rod, koma chizitembenuzidwa pang'onopang'ono ndi munthu wodziwa. Kupotoka ndiye musagule. Lowetsani kapepala kunsi kwa bridge chakumbuyo. Kakalowa, yayamba kale kunyamuka.

Nsambo nazo zimanamiza. Gitala yabwino ya nsambo zadzimbiri imamveka yakufa, ndipo ku Tete thukuta limapha nsambo msanga, choncho pukutani ndi kansalu mukamaliza kuimba. Ine ndimagwiritsa ntchito za phosphor bronze za saizi 11, zopyapyalako, chifukwa za 12 zimakoka ndi mphamvu yopitirira makilogalamu 70, ndipo m'nyengo yathuyi ndimakonda kuipeputsira gitala katundu. Za 80/20 bronze zimawala kwambiri zikakhala zatsopano, zimathandiza gitala ya mawu obisika. Ndipo chonde, musamange nsambo zachitsulo pa gitala ya nayiloni monga Yamaha C40. Ndaona zambiri m'midzi zitazuka bridge chifukwa cha zimenezi. Sizinapangidwe kuti zisenze mphamvu imeneyo.

Tsiku logula musapite nokha. Tengani mnzanu wodziwa kuimba, ndipo mupemphe wogulitsa azimitse wailesi. Yambani mwaimba nokha nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, yomwe mumaimba masiku onse, ndipo muimbenso pakamwa kuti mumve ngati mawu anu akukhala bwino pamwamba pake. Kenako mpatseni mnzanuyo, inu muime patsogolo pake masitepe anayi kapena asanu, mutembenuke kuti musaone dzina la pamutu, iye azisinthasintha magitala osakuuzani. Zomwe woimba amamva ali kumbuyo kwa gitala n'zosiyana ndi zomwe zimafika kwa anthu. Ine FG800 yomwe ndili nayo pano ndinaisankha choncho, nditayang'ana kukhoma, pakati pa magitala ena awiri okwera mtengo kuposa iyo.